Chimene mapiri a Dowa ndi Ntchisi amachita m'minofu yathu

Ambiri a ife amene tinakulira ku Dowa ndi ku Ntchisi zimenezi zinatichitikirapo. Tikatha miyezi inayi pano pa koleji n'kupita kumudzi pa tchuthi, chitunda chimene tinkakwera chothamanga popita ku pulayimale chimatisiya tili wefuwefu. Amayi athu, a zaka zoposa 50, amatipitirira ndowa ili pamutu, n'kukatidikira pamwamba. Timangoseka n'kumati tauni yatiwononga. Nthabwalayi ili ndi choonadi mkati mwake, ndipo asayansi amadziwa dzina la chimodzi mwa zinthu zimene zasintha m'miyendo yathu.

Kuti timvetse, tiyambire pa selo. Thupi la munthu ndi maselo ankhaninkhani, ndipo pafupifupi selo lililonse limasunga ulusi wa DNA umene utautambasula ungatalike mamita awiri. Ulusiwu unapindidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu. Zigawo za ulusiwu zimene zili ndi malangizo opangira mapuloteni zimatchedwa majini, ndipo zilipo pafupifupi 20,000. Apa sitikunena majini aja ogwira anthu ayi, mawuwa angofanana.

Selo la m'diso ndi selo la m'katumba ali ndi majini ofanana. Amasiyana chifukwa lililonse limawerenga zigawo zake, zina n'kuzisiya zotseka. Kuwerengako kumayamba ndi kukopera uthenga wa jini kuchoka pa DNA kupita pa RNA, ndipo RNA imeneyi ndiyo imapita kukapangitsa puloteni. Funso lalikulu ndi lakuti: ndani amalamula kuti lero jini yakuti ikopedwe, komanso kangati?

Pali magulu awiri a mapuloteni ogwira ntchitoyi. Gulu loyamba limakhala pa DNA penipenipo, pamalo pamene jini ikuyambira. Gulu lachiwiri siligwira DNA n'komwe. Limadziphatika ku mapuloteni a gulu loyamba, n'kuitana ena odzamasula mtolo wa DNA ndi kubweretsa makina okopera. Puloteni ya gulu lachiwirili imatchedwa coactivator. Tiyerekeze ndi dima. Mwini munda amadziwa malire a munda wake, koma payekha angalime pang'ono. Pamafunika wina woyenda khomo ndi khomo kumema anthu kuti abwere ndi makasu. Womemayo munda si wake, komabe iye akagona, dima palibe. Ndipo womema mmodzi angathandize eni minda ambiri m'mudzimo.

Womema amene tikumunena pano ndi puloteni yotchedwa PGC-1 alpha. Jini yake ndi PPARGC1A, ndipo ili pa kromozomu 4. Inadziwika mu 1998, pamene Pere Puigserver ndi Bruce Spiegelman pamodzi ndi anzawo a ku Dana-Farber Cancer Institute mumzinda wa Boston ankafufuza mmene mbewa zimadzitenthetsera kukazizira. Anapeza kuti mbewa ikaikidwa pozizira, puloteniyi imachuluka msanga m'mafuta ena ofiirira amene ntchito yake ndi kutulutsa kutentha. Makanda a anthu nawonso ali ndi mafuta oterewa, ndipo amawathandiza m'mamawa wa June ndi July, pamene chisanu cha m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi chimalowa m'nyumba.

Posakhalitsa zinaoneka kuti ntchito yaikulu ya PGC-1 alpha ndi kumema majini omanga mitochondria. Awa ndi timafuwa ta m'selo, mmene shuga ndi mafuta zimapserera ndi mpweya wa okosijeni kuti tipeze mphamvu. Minofu yokhala ndi mitochondria ambiri imagwira ntchito nthawi yaitali osatopa. Aliyense amene anadulapo nkhuku yachikuda anaona zimenezi ndi maso ake: nyama ya ntchafu, imene imayenda tsiku lonse, ndi yofiira, pomwe ya pachidali ndi yoyera. Mu 2002 gulu la Spiegelman linachulukitsa dala PGC-1 alpha m'minofu ya mbewa. Minofu imene inali yoyera inafiira, ndipo inkachedwa kutopa.

Nanga mwa anthu, n'chiyani chimadzutsa womemayu? Ndi ntchito. Tikamakwera chitunda, minofu imakungika mobwerezabwereza ndipo mphamvu yosungidwa m'selo imatsika. Selo limazindikira zimenezi, n'kudzutsa PGC-1 alpha imene ilipo kale komanso kulamula kuti jini yake ikopedwe kwambiri. Mu 2003 Henriette Pilegaard ndi anzake ku Copenhagen anayeza minofu ya anthu asanachite ndiponso atachita masewera olimbitsa thupi. Anapeza kuti kukopedwa kwa jiniyi kumakwera kwambiri patangopita maola ochepa, kenaka kumabwerera mwakale pofika tsiku lotsatira.

Apa m'pamene pagona nkhani ya amayi athu ndi ndowa ija. Ulendo umodzi wa kudimba umadzutsa jiniyi kwa maola owerengeka basi. Koma ulendo wa lero, wa mawa ndi wa mkuja, chaka ndi chaka, umaunjika mitochondria ndi timitsempha ta magazi m'minofu. Munthu akasiya kuyenda, thupi silisunga mafuwa amene sakuphikirapo. Pakangotha milungu ingapo zimene zinamangidwa zimayamba kuchepa. Jini yathu ndi yomwe ija tinabadwa nayo ku Mvera kapena ku Malomo. Chasintha n'chakuti tasiya kuidzutsa, popeza tsiku lathu limathera pa benchi ya m'kalasi, m'laibulale ndi pampando wa kabaza.

Kupuma wefuwefu pachitunda si vuto lalikulu. Vuto lili pa shuga. Minofu ndiyo imatenga gawo lalikulu la shuga wolowa m'magazi tikadya nsima. Mu 2003 magulu awiri a ofufuza ku Boston, lina lotsogozedwa ndi Vamsi Mootha ndipo lina ndi Mary-Elizabeth Patti, anapeza kuti m'minofu ya anthu odwala matenda a shuga a mtundu wachiwiri, majini amene PGC-1 alpha imamema amagwira ntchito mofooka. Izi sizitanthauza kuti jini imodziyi ndiyo imayambitsa matendawa, pakuti zoyambitsa n'zambiri. Zikutisonyeza chabe njira imodzi imene kungokhala kumalumikizirana ndi matenda.

Kuno kwathu matendawa salinso a mabwana okha. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga wokwera, ndipo munthu mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, wofalitsidwa mu 2018, anayerekeza anthu a ku Area 25 ku Lilongwe ndi a m'midzi ya ku Karonga. Amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali onenepa mopitirira muyezo, pomwe kumudzi anali 27. Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzakhala mbali ya m'tauniyo.

Tichenjezanepo zinthu zitatu. Choyamba, ntchito yakalavulagaga ya kumudzi si katemera. Anthu oonda, olima tsiku ndi tsiku, nawonso amadwala shuga, choncho makolo athu ayenera kukayezetsa kuchipatala, makamaka akamamva ludzu losatha, akamakodza pafupipafupi kapena akamaonda popanda chifukwa. Chachiwiri, wodwala amene ali pa mankhwala asawasiye poti wayamba kuyenda. Chachitatu, tisanamizidwe ndi ogulitsa mankhwala pa WhatsApp onena kuti ali ndi ufa wodzutsa majini. PGC-1 alpha yomweyi ikachuluka m'chiwindi imachititsa chiwindicho kupanga shuga wambiri, zimene zimathandiza munthu amene wakhala nthawi osadya koma n'zoipa kwa wodwala shuga. Kuyenda kumaidzutsa m'minofu imene yagwira ntchitoyo, pamlingo woyenera.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu aziyenda ndawala kapena kuchita ntchito yofanana nayo kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Zimenezi ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Amayi athu amakwanitsa mphindi zimenezi dzuwa lisanakwere. Ife tiyenera kuzifunafuna dala: kupita kumsika wapansi, kulima nawo dimba la sukulu, kumenya mpira madzulo, kuyenda pokachezera odwala Sabata masana. Tikatero temu yonseyi, tchuthi chikubwerachi mwina tidzafika pamwamba pa chitunda chija limodzi ndi amayi, ndowa ili pamutu pathu.