Fayilo ya .orig: patch Amaisunga Liti, Amaisiya Liti?

Pulogalamu ya pa kompyuta ikapezeka ndi cholakwika, oilemba satumiza yonse yatsopano nthawi zonse. Kawirikawiri amatumiza kafayilo kakang'ono kosonyeza mizere yochotsa ndi mizere yowonjezera. Kafayiloka amakapanga ndi chida chotchedwa diff, chomwe chinalembedwa ku Bell Labs ku America ndipo chinatuluka ndi Unix mu 1974. Chida chomwe chimawerenga kafayiloka n'kusintha pulogalamuyo ndi patch, chimene Larry Wall anachitulutsa mu 1985. Zida zonse ziwirizi zilibe zithunzi zodina. Munthu amachita kulemba lamulo pa kiyibodi, kompyuta n'kumvera.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu. Mapulogalamu osungira mbiri ya odwala omwe bungwe la Baobab Health Trust linayamba nawo pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ankadalira Linux, ndipo pa Linux zida zimenezi n'za tsiku ndi tsiku. Katswiri amene watumidwa kukakonza kompyuta pa malo ngati Mlangeni, pa msewu wa M1 pakati pa boma la Ntcheu ndi Dedza, sangafune kutha bando yake pokoka pulogalamu yonse pomwe kafayilo ka mizere makumi awiri kangathe kugwira ntchitoyo. Koma ayenera kudziwa pobwerera zinthu zikavuta, poti anzake omuthandiza ali kutali.

Pobwerera pake ndi fayilo yosungira. Ntchito ya patch ili ngati ya telala wosoka chigamba pa malaya, kungoti telala uyu amatha kuika pambali malaya ena ofanana ndendende ndi akalewo asanalowetse singano. Ngati fayilo yosinthidwa ndi odwala.rb, yakaleyo imasungidwa pa dzina loti odwala.rb.orig. Palinso fayilo ina ya .rej, koma imeneyo si yosungira: mumalembedwa zigawo zimene patch walephera kulowetsa.

Vuto n'lakuti lamulo lomwelo silichita zofanana pa makompyuta onse. Patch wakale, kufika pa 2.1, ankasunga .orig nthawi zonse popanda kuuzidwa. Pa nthawiyo chizindikiro cha -b chinali chosankhira mathero a dzina la fayilo yosungira, choncho chinkafuna mawu ena patsogolo pake. M'ma patch a GNU otsatira, omwe ndiwo amapezeka pa mitundu ya Linux monga Ubuntu ndi Debian, zinthu zinatembenuka. Tsopano -b payekha amatanthauza "sunga", ndipo wosankhira mathero a dzina ndi -z. Munthu akapanda kulemba -b, patch wa GNU amasunga pokhapokha kusinthako sikunagwirizane ndendende ndi fayiloyo, monga pamene mizere yapezeka itasuntha pamalo pake. Ndiye chifukwa chake .orig imaoneka lero, mawa osaoneka, ndipo wophunzira amaganiza kuti kompyuta yasokonekera.

Malamulo a POSIX, omwe amayesa kugwirizanitsa makina a mtundu wa Unix, anatenga njira yachitatu: popanda -b palibe kusunga, zigwirizane zisagwirizane. Patch wa GNU amatsata zimenezi akauzidwa ndi --posix kapena --no-backup-if-mismatch. Koma pa OpenBSD ndi FreeBSD, omwe ali ndi patch wawowawo, chizolowezi chakale chosunga .orig osauzidwa chidakalipo. Malangizo olembedwa ndi munthu wa FreeBSD angathe kunamiza wa Ubuntu, ngakhale wolembayo sananame.

Pali msampha wina umene ambiri sauona. Fayilo ya .orig ndi imodzi yokha. Munthu akasintha fayilo yomweyo kachiwiri ndi -b, .orig yatsopano imafufuta yoyamba, ndipo chosungidwacho chimakhala fayilo yosinthidwa kale, osati yoyambirira ija. Mankhwala ake ndi -V numbered, amene amasunga iliyonse ndi nambala yake: odwala.rb.~1~, odwala.rb.~2~, mpaka m'tsogolo. Wofuna kuti zosungazo zisasakanikirane ndi mafayilo ogwira ntchito amagwiritsa ntchito -B, n'kuzilozera ku foda yapadera.

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo imene Linus Torvalds anailemba mu 2005, anayankha funsoli mwa njira ina. Lamulo la git apply silisunga .orig, chifukwa mbiri ya mafayilo imakhala kale mu Git mwiniyo. Limalowetsa kusintha konse, apo ayi silikhudza kalikonse, pokhapokha litauzidwa ndi --reject kuti lilowetse zotheka n'kusiya zotsalazo mu .rej. Chitetezo chimenechi n'chabwino, koma chimathera pa zimene zinalembedwa m'mbiriyo. Zimene munthu anasintha pamanja osazilembetsa zilibe pobwerera.

Mwa njira zonsezi, yodalira kuti chida chisunga chokha ndiyo yofooka kwambiri. Katswiri wosamala amayamba walemba patch --version kuti adziwe patch amene ali naye. Pa GNU amayesa kaye ndi --dry-run, amene amasonyeza zomwe zichitike osasintha kanthu, kenako amalemba -b poyera, ngakhale pa kompyuta imene akukhulupirira kuti imasunga yokha. Ngati mafayilowo ndi ofunika ngati a chipatala kapena a sukulu, amakoperanso foda yonse pa fulashi asanalembe lamulo loyamba.