Kachilembo Kopanda Kanthu Komwe Kanasintha Masamu

Mwana wa Sitandade 4 akapatsidwa samu yoti achulukitse 48 ndi 27, amandandalika manambalawo m'mizere, ndipo pasanathe mphindi zitatu wapeza kale 1296. Mphunzitsi amachonga, mwana n'kubwerera pamalo pake, popanda wina wodabwa. Koma zaka 900 zapitazo, ku Ulaya, samu yomweyi inali ntchito ya mlembi wophunzira, pakuti iye ankailemba motere: XLVIII kuchulukitsa ndi XXVII. Woŵerenga ayese kuithetsa mmene yalembedweramu, osaitembenuzira m'manambala amene anazoloŵera, ndipo aona yekha thukuta lake.

Manambala achiroma ndi abwino polemba yankho, koma sathandiza munthu kulipeza. Nchifukwa chake amalonda a nthaŵi imeneyo ankaŵerengera pathabwa lojambulidwa mizere, nkumasuntha timiyala kuchoka pamzere wina kupita pa wina. Ntchitoyi inkayenda msanga ndithu m'manja mwa katswiri, koma inali ndi chilema chimodzi chachikulu. Timiyala tikasunthidwa, njira yonse imene munthu wadzera inkafafanizika, kotero kuti yankho likalakwika panalibe poyang'ana kuti phazi linaterereka pati. Mphunzitsi amene amaumirira kuti mwana aonetse njira, osati yankho lokha, akupempha chinthu chimene mlembi wa ku Roma sakanatha kupereka.

Mankhwala a vutoli anachokera ku India. Akatswiri a kumeneko anakhazikitsa mfundo yoti mphamvu ya nambala idalire malo amene yakhala: 3 wa mu 35 ndi makumi atatu, pamene 3 wa mu 305 ndi mazana atatu. Tsono kuti mfundoyi igwire ntchito papepala, pankafunika chizindikiro chosunga malo amene mulibe kanthu, monga mmene munthu amasiyira chipeŵa pampando posonyeza kuti pali mwini. Chizindikirocho ndiye ziro. Pamwala wina wa m'kachisi ku Gwalior, wolembedwa m'chaka cha 876, pali nambala 270 yokhala ndi ziro wozungulira ngati wa masiku ano.

Koma amene anapita patali kwenikweni ndi Brahmagupta, yemwe m'chaka cha 628 analemba malamulo otenga ziro ngati nambala yeniyeni, yotheka kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa. Manambala ochepera ziro anaŵatcha ngongole, oposa ziro naŵatcha chuma, ndipo anaonetsa kuti ngongole yochulukitsidwa ndi ngongole imabala chuma. Pogaŵa ziro ndi ziro anaphonya, popeza anati yankho lake ndi ziro, pamene masamu a lero amati kugaŵa ndi ziro kulibe yankho. Mwana wa sekondale amene mutu umamuzungulira pa mfundo imeneyi asachite manyazi. Inapunthwitsa ndi mwini malamulo yemwe.

Kuchokera ku India nzeruyi inafika ku Baghdad, kumene Mfumu al-Ma'mun, yomwe inalamulira kuyambira 813 mpaka 833, inkasonkhanitsa anthu ophunzira ndi mabuku a mitundu ina. Mmodzi mwa anthuwo anali Muhammad al-Khwarizmi. Iyeyu analemba buku lofotokoza kaŵerengedwe ka Amwenye, ndi linanso limene m'dzina lake muli mawu a Chiarabu akuti al-jabr, omwe ndiwo gwero la dzina loti aljebra. Ambiri amaganiza kuti aljebra anayambika pofuna kuzunza ana a sukulu, koma gawo lalikulu la bukulo likukamba za kagaŵidwe ka chuma chamasiye motsata malamulo a Chisilamu, ndiponso za malonda ndi kuyeza minda.

M'buku lonselo mulibe x kapena y. Samu iliyonse inalembedwa m'mawu. Yotchuka kwambiri ikufuna nambala yomwe, ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, nkuphatikizapo nambalayo kakhumi, zonse zikwana 39. Njira yake tingaione ndi maso. Pakhale munda wa mbali zinayi zofanana, umene kutalika kwa mbali yake sikukudziŵika. Khumi uja agaŵidwe paŵiri, ndipo kumbali ziŵiri zoyandikana za mundawo kuwonjezedwe ndime ziŵiri, iliyonse mulifupi mwake 5. Munda ndi ndimezo pamodzi ndi 39, koma pangodya patsala kampata ka 5 kuchulukitsa ndi 5, komwe ndi 25. Kampatako kakadzazidwa, pakhala munda waukulu wa mbali zofanana wokwana 64, ndiye kuti mbali yake ndi 8. Kuchotsapo 5 uja, patsala 3. Ndipo zoonadi, 9 kuphatikiza 30 ndi 39. Chofunika pano si 3 ayi, koma kuti njira yomweyi imatsegula samu iliyonse ya mtundu umenewu, ngakhale manambala atasintha. Apa mpamene masamu anasiya kukhala mulu wa ndagi zosiyanasiyana, nayamba kukhala ndi malamulo oti munthu nkuphunzitsa mnzake.

Ngakhale zinali choncho, oŵerengera a m'maiko a Chisilamu poyamba ankalemba manambala atsopanowo pathabwa lowazidwa fumbi, nkumafufuta ndi chala pamene akupitirira, ndipo chilema chakale chija chinali chikadalipo. Munthu wina wotchedwa al-Uqlidisi, polemba ku Damascus cha m'ma 952, anakonza njirazo kuti zizichitika ndi inki papepala, popanda kufufuta kanthu. Dzina lake silimveka kaŵirikaŵiri, komatu kope la masamu la mwana aliyense lili ndi ngongole kwa iye.

Ku Ulaya nzeruyi inaloŵa mwakachetechete. Mabuku a al-Khwarizmi anamasuliridwa m'Chilatini m'zaka za m'ma 1100, ndipo dzina lake, litapotozedwa kukhala Algoritmi, linabala mawu amene akatswiri a makompyuta amatchulira ndondomeko yothetsera samu. Koma amene anaifikitsa m'manja mwa amalonda ndi Leonardo wa ku Pisa, wodziŵika ndi dzina loti Fibonacci. Iyeyu anaiphunzira muno mu Africa, mumzinda wa Bugia, womwe lero ndi Béjaïa m'dziko la Algeria, kumene bambo wake ankagwira ntchito yoimira amalonda a kwawo padoko. M'chaka cha 1202 anatulutsa buku lotchedwa Liber Abaci, lodzaza ndi masamu a kusintha ndalama, phindu ndi chiwongoladzanja. Mawu a Chiarabu akuti sifr, kutanthauza chopanda kanthu, iye anaŵalemba kuti zephirum, ndipo m'kupita kwa nthaŵi anasanduka ziro.

Sikuti onse anaombera m'manja. M'chaka cha 1299 bungwe la osintha ndalama ku Florence linaletsa mamembala ake kulemba manambala atsopanowo m'mabuku a ndalama. Kuŵaseka nkosavuta, koma mantha awo anali ndi maziko: munthu wachinyengo akhoza kusandutsa 0 kukhala 6 kapena 9 pongokoka kamchira, ndiponso kaziro kamodzi koikidwa kumapeto kamachulukitsa ngongole kakhumi. Choncho timiyala ndi cholembera zinakhala zikulimbana kwa zaka mazana angapo, mpaka mapepala atatsika mtengo ndi makina osindikizira atafala. Buku loyamba la masamu a malonda losindikizidwa linatuluka ku Treviso mu 1478. Zizindikiro za + ndi − zinaoneka m'buku losindikizidwa mu 1489, ndipo = anabwera ndi Robert Recorde mu 1557.

Ndalama ndizo zinachedwa koposa kugonjera khumi. Amalonda a m'nthaŵi ya Fibonacci ankaŵerengera madenari 12 pa soldo imodzi ndi masoldo 20 pa lira imodzi, ndipo kaŵerengedwe komweko ndi kamene kanafika kuno ndi Angerezi: mapeni 12 pa sheleni, masheleni 20 pa paundi. Agogo amene anaphunzira sukulu nthaŵi ya Nyasaland amakumbukira masamu a mizere itatu, momwe mzere uliwonse unali ndi lamulo lakelake losungira. Masamu amenewo anatha m'Malaŵi mu 1971, pamene kwacha ya matambala 100 inaloŵa m'malo mwa paundi.