Kodi Chisilamu chimaletsa mtsikana kupita kusukulu?



Amene anafikapo padoko la Kachulu m'mawa wa tsiku la sukulu akudziwa zimene zimaoneka pamenepo. Mabwato akufika kuchokera ku Chisi, ogula nsomba akunenerera mitengo, matemba akuyanikidwa, ndipo pakati pa anthu onsewo pali atsikana a zaka 13 kapena 14 atasenza mabeseni pamene anzawo ali m'kalasi. Mukafunsa chifukwa, mayankho ake ndi odziwika kale: pakhomo palibe sopo, sukulu ili kutali, mwanayo wakula, kwapezeka mwamuna. Nthawi zina pamamvekanso yankho lina lakuti ife ndife Asilamu, mwana wamkazi akadziwa kuswali ndi kuwerenga Qur'an basi zakwana.

Yankho lomalizali ndi limene tikufuna tiliunike bwino, chifukwa limanenedwa m'dzina la chipembedzo chathu, ndipo kumaiko ena ana akhetsedwa magazi chifukwa cha maganizo omwewa.

Kumene maganizowa anafika ndi mfuti

Kuchigwa cha Swat m'dziko la Pakistan, gulu la Taliban linalamula kuti pofika Januwale 2009 atsikana asiye kupita kusukulu, ndipo linagumula sukulu zambiri. M'tauni ya Mingora munali mtsikana wa zaka 11, Malala Yousafzai, mwana wa mphunzitsi. Iye anayamba kulemba za moyo wake pa BBC pogwiritsa ntchito dzina lobisika, kenako n'kumayankhula poyera kuti akufuna kuphunzira. Pa 9 Okutobala 2012, akuchokera kusukulu, munthu wamfuti anakwera galimoto imene munali ana asukuluwo, anafunsa dzina lake n'kumuwombera m'mutu. Anzake awiri anavulalanso. Mwa chifuniro cha Allah sanamwalire. Analandira chithandizo ku Birmingham, mu 2014 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel ali ndi zaka 17, ndipo mu 2020 anamaliza maphunziro ake ku Oxford. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti Malala ndi Msilamu, wa m'banja la Chisilamu, ndipo patangopita masiku ochepa chiwomberedwereni, gulu la masheikh 50 a ku Pakistan linatulutsa fatwa yodzudzula amene anachita zimenezi.

Kuno ku Africa, gulu la Boko Haram linaba atsikana 276 pasukulu ya ku Chibok m'dziko la Nigeria mu Epulo 2014. Mu Febuluwale 2018 zigawenga zinabanso atsikana 110 ku Dapchi, ndipo pafupifupi onse anali ana a Asilamu. Ku Afghanistan, a Taliban atatenga boma mu 2021 anatsekera atsikana sukulu za sekondale, ndipo mu Disembala 2022 analetsa akazi kulowa m'mayunivesite. Bungwe la maiko a Chisilamu la OIC linatsutsa lamulolo, ndipo mkulu wa Al-Azhar ku Egypt, Sheikh Ahmed el-Tayeb, ananena poyera kuti likusemphana ndi Shariah.

Tisaganize kuti izi ndi nkhani za kutali kwenikweni. Tsidya lija la nyanja yathu ndi Mozambique, ndipo kumpoto kwa dziko limenelo, m'chigawo cha Cabo Delgado, zigawenga zodzitchula dzina la Chisilamu zakhala zikupha anthu, kuwotcha sukulu ndi kuba atsikana kuyambira mu Okutobala 2017. Ambiri mwa othawa nkhondo imeneyo ndi Asilamu anzathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene chipembedzo chathu chimaphunzitsa

Kupyola malire pa chipembedzo, kumene m'Chiarabu kumatchedwa ghuluw, Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alayhi wasallam) anatichenjeza nako, ndipo anafotokoza kuti ndi kumene kunawononga anthu amene analipo ife tisanabwere. Munthu wopyola malire amaletsa chimene Allah sanaletse, kenako n'kumakakamiza ena ndi ukali. Choncho funso loyenera ndi lakuti: kodi Allah ndi Mtumiki wake analetsa mkazi kuphunzira?

Chivumbulutso choyamba chimene chinatsika kuphanga la Hira, chomwe chili koyambirira kwa Surah Al-Alaq, chinayamba ndi lamulo la kuwerenga ndipo chinatchula cholembera. Munthu woyamba kumva za chivumbulutsocho ndi kuchikhulupirira anali mkazi, mayi Khadijah (radhiya Allahu anha), amene anali wamalonda wodziwa kuyendetsa chuma. Hadith imene analandira Ibn Majah imaika kufunafuna maphunziro kukhala udindo wa Msilamu aliyense, ndipo maulama anafotokoza kuti mawuwa akukhudza mwamuna ndi mkazi yemwe. Mu Sahih Al-Bukhari timawerenga kuti akazi a ku Madinah anadandaula kuti amuna akuwaphangira nthawi ya Mtumiki, ndipo iye anawapatulira tsiku lawolawo lowaphunzitsa. Sanawabweze kuti apite kukhitchini.

Mayi Aisha (radhiya Allahu anha) analandira ma hadith opitirira 2,000, ndipo maswahaba akuluakulu ankapita kwa iye kukafunsa za malamulo, za kagawidwe ka chuma cha masiye ngakhalenso za mankhwala. Mayi Shifa bint Abdullah ankadziwa kulemba, ndipo anaphunzitsa mayi Hafsa, mkazi wa Mtumiki. Mbiri imasimba kuti mzikiti wa Al-Qarawiyyin ku Fez m'dziko la Morocco, umene unadzakhala sukulu yaikulu yomwe ilipo mpaka lero, unamangidwa mu 859 ndi chuma cha mayi Fatima al-Fihri. Kumpoto kwa Nigeria, dziko lomwelo la Chibok, Nana Asma'u, mwana wa Sheikh Usman dan Fodio, amene anamwalira mu 1864, ankaphunzitsa amayi n'kuwatuma m'midzi kuti akaphunzitse akazi anzawo.

Ena amati zonsezi ndi za maphunziro a dini okha. Koma taganizani za mayi woyembekezera wa kwa Mkumbira kapena kwa Kuntumanji amene wafika kuchipatala usiku ndipo akufuna kuthandizidwa ndi mkazi mnzake. Namwino ameneyo achokera kuti ngati ana athu aakazi akulekeza Sitandade 6? Maulama amati ntchito zimene anthu sangakhale popanda izo, monga zachipatala ndi uphunzitsi, ndi fardh kifaayah: ena akazigwira onse apepukidwa, koma akazisiya onse, tchimo lili pa onse. Sitingafune namwino wamkazi kwinaku tikukana kuti mwana wathu akhale namwinoyo.

Mantha a agogo athu anali ndi chifukwa

Tisawanyoze makolo akale. M'nthawi ya atsamunda sukulu pafupifupi zonse zinali za mamishoni, ndipo mwana wa Msilamu akalowa ankakumana ndi chikakamizo chosintha dzina ndi chipembedzo. Mabanja ambiri a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi anasankha kusunga dini n'kutaya sukulu. Anateteza chinthu chamtengo wapatali, koma mtengo wake tikuulipirabe: maofesi, zipatala ndi makhoti zinadzadza ndi ena, ife tili kudoko.

Zinthu zinasintha. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi, yemwe ndi Msilamu, linachotsa fizi kupulaimale. Nkhani ya hijab itavuta pasukulu ina ya m'boma la Balaka mu 2019, atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu anakhala pansi kudzera ku bungwe la Public Affairs Committee, ndipo mu 2021 anasainirana mgwirizano wolola atsikana a Chisilamu kuvala hijab m'sukulu zothandizidwa ndi boma zomwe eni ake ndi mipingo. Onani kuti nkhani imeneyi inatha ndi kukambirana, osati ndi moto. Lero mtsikana atha kupita kusukulu m'mawa atavala hijab yake, masana n'kupita kumadrasa. Chifukwa chimene agogo anali nacho ife tilibe.

Chimene chikuchotsa atsikana pasukulu kuno ku Chilwa

Kuno palibe wamfuti amene waima pachipata cha sukulu, alhamdulillah. Chimene chimachotsa mtsikana m'kalasi chimabwera mwakachetechete, ndipo kawirikawiri chimayambira kunyanja. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atagona pamatope. Madzi akachoka, matemba, makumba ndi milamba zimasowa, ndalama zimatha. Madzi akachuluka, monga pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mpunga umamira ndipo sukulu zimasanduka misasa ya othawa madzi. Pa nthawi ngati zimenezi banja limayang'ana pakamwa poti pachepe, ndipo diso limagwera pa mwana wamkazi. Ukwati umaoneka ngati chipulumutso. Ndipamene mawu achipembedzo amabwerekedwa kuti aphimbe chimene kwenikweni ndi umphawi.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'Malawi, 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Koma lamulo la dziko ndi lomveka. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko n'kutseka mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Pa mbali ya dini, nikah ya mkazi wokakamizidwa siiloledwa. Mu Sahih Al-Bukhari muli nkhani ya mayi Khansa bint Khidham amene bambo ake anamukwatitsa iye asakufuna, ndipo Mtumiki anathetsa ukwatiwo.

Palinso umboni wochokera m'boma lathu lomwe lino. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri anachita kafukufuku ku Zomba popereka kandalama kochepa mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Atsikana amene ankalandira pa pangano lakuti azipita kusukulu anasiya sukulu ochepa poyerekeza ndi anzawo osalandira. Kumene ndalamayo inkaperekedwa popanda pangano, maukwati ndi mimba za msanga zinachepa. Akatswiriwo atabweranso patapita zaka, anapeza kuti phindu lambiri linazilala ndalama zitasiya kubwera. Phunziro lake ndi lapawiri: makolo ambiri sadana ndi sukulu, chimawagonjetsa ndi kusowa, ndipo thandizo la chaka chimodzi silikwanira, liyenera kumuperekeza mwana mpaka amalize.

Kulimba mtima kumene kukufunika kwa ife

Malala analimba mtima, koma kumbuyo kwake kunali bambo amene ankatsutsa poyera kutsekedwa kwa sukulu za atsikana. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana ochuluka n'kuwabwezera kusukulu, ngakhale ena ankaiopseza. Ife sitikupemphedwa kuima patsogolo pa mfuti. Kulimba mtima kwathu ndi kwa pakhomo, ndipo nthawi zina n'kovuta chifukwa amene ukumukanayo ndi mbale wako.

Ndi kwa bambo amene akubweza mwamuna wobwera ndi ndalama za ku Joni m'chaka cha njala, n'kunena kuti mwana wanga ali Fomu 2. Ndi kwa mwinimbumba amene akukana kukhala pa zokambirana za ukwati wa mwana wa mlongo wake wa zaka 15. Ndi kwa sheikh amene akufunsa zaka za mkwatibwi ndi kumva kuvomera kwake asanamange nikah, ngakhale akudziwa kuti ena amudandaula. Ndi kwa anankungwi amene akulangiza mtsikana wotha msinkhu za ukhondo ndi ulemu, osamuuza kuti tsopano wakonzeka kulowa m'banja. Ndi kwa mayi amene mwana wake watenga mimba, n'kumulerera khanda kuti iye abwerere m'kalasi. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu, ndipo khomo la kulapa Allah sanalitseke. Ife tingalitseke bwanji?

Pamzikiti palinso zochita. Komiti itha kudziwa mayina a atsikana a m'mudzi amene akhoza mayeso a Sitandade 8 koma alibe yunifolomu, nsapato kapena njinga yopitira ku CDSS, ndipo gawo la zakaat ndi sadaqah ya nthawi yokolola mpunga lingapite kwa iwo chaka ndi chaka. Nthawi ya madrasa ikonzedwe kuti isalimbane ndi ya sukulu. Mabungwe monga Islamic Zakaat Fund amathandiza ophunzira osowa, koma sangadziwe mwana amene palibe wamulembera kalata. Ndipo wina akabwera ndi ulaliki wachilendo, pamaso kapena pa WhatsApp, wonena kuti sukulu ndi ukafiri ndipo masheikh athu onse ndi osochera, tisamuope komanso tisamubise. Timufunse umboni wake pamaso pa ophunzira a dini, ndipo achinyamata athu amve yankho.

Mukaima kudoko n'kuyang'ana kumadzulo mumaona phiri la Zomba. Patsinde pa phiri limenelo pali University of Malawi ndi sukulu yophunzitsa anamwino, ndipo chakumpoto pang'ono pali Domasi College of Education. Ndi ulendo wa tsiku limodzi, koma kwa atsikana ambiri a kunyanja kuno kuli ngati dziko lina. Surah At-Takwir imatikumbutsa kuti pa Tsiku la Chiweruzo mwana wamkazi amene anakwiriridwa wamoyo adzafunsidwa tchimo limene anaphedwera. Ife sitikwirira ana, koma tidzafunsidwa za amanah imene tinapatsidwa, ndipo nzeru za mwana ndi gawo la amanah imeneyo.

Tikupempha Allah atiteteze ku kupyola malire ndi ku ulesi womwe, awapatse ana athu aakazi ndi aamuna maphunziro opindulitsa, ndipo atipatse ife makolo mtima wowaperekeza mpaka kumapeto. Ameen.