Pa Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi, Oyamba Kufika ndi Anansi

Pakati pa mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atawomba m'chigawo cha kummwera, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe usiku anthu ali m'tulo. Amene anayamba kufukula anzawo m'matopemo anali anthu a m'dera lomwelo, ndi makasu, mafosholo ngakhalenso manja. Asilikali, apolisi ndi a Red Cross anafika ndithu, ndipo anagwira ntchito yaikulu, koma misewu ndi milatho yambiri inali itaduka, mvula ikadagwabe. M'dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira, ena oposa 500 sanapezekenso, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala.

Chilobwe si kutali ndi kuno. Ngakhale ife a ku Chileka ndi Lirangwe sitikhala m'tsinde mwa phiri lalitali ngati Soche, madzi ambiri ogwa kumtunda amadutsa kwathu popita mu Shire kudzera m'mitsinje monga Likhubula, Lunzu ndi Lirangwe. Mtsinje umatha kudzaza kuno dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mvula yagwa kwina. Palinso mphepo yamkuntho imene imasasula madenga mvula ikamayamba, nyumba za zidina zimene zimagwa zikanyowa masiku angapo, ziphaliwali, ndiponso ng'amba ngati ija ya 2024 imene inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi.

Ichi n'chifukwa chake boma linakhazikitsa makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuyambira kumudzi. Ambiri timawadziwa ndi dzina loti VCPC. Anayambika potsatira lamulo la 1991, lomwe linapangidwa madzi ndi miyala zitapha anthu ambiri ku Phalombe m'chaka chomwecho, ngozi imene makolo amati ndi Napolo. M'chaka cha 2023 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano, ndipo cholinga chake chachikulu n'chakuti tisamadikire ngozi igwe kenaka n'kuyamba kugawa ufa ndi mapepala apulasitiki, koma tizikonzekeratu. Komiti ya kwa gulupu imapereka malipoti ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, iyo n'kutumiza ku khonsolo, ndipo khonsolo imadziwitsa nthambi ya boma ya DoDMA. Komiti ya kumudzi ikagona, ndiye kuti onse apamwambawa akhala mumdima.

Ntchito yeniyeni ya komitiyi imagwiridwa m'chilimwe. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yoyendera mudzi wonse n'kuona pamene pali chiopsezo: nyumba zomangidwa m'mphepete mwa mtsinje kapena m'dambo, zipupa zong'aluka, malata osakhomedwa bwino, mitengo yopendekera panyumba, ngalande zotsekeka ndi zinyalala, komanso madooko amene ana amawolokapo popita kusukulu. Pambuyo pake mudzi ugwirizane malo othawirako, pamalo okwera, ndi njira yopitira kumeneko yosadutsa pamtsinje. Nthawi zambiri anthu amathamangira kusukulu, koma tikumbukire kuti makalasi akasanduka malo ogona, ana amaleka kuphunzira. Ngati pali tchalitchi, mzikiti kapena holo yolimba, ndi bwino kukambirana ndi eni ake nthawi ikadalipo.

Pali chinthu china chimene makomiti ambiri amachinyozera, chikhalirecho n'chimene chimapulumutsa miyoyo: kaundula wa anthu amene sangathe kuthawa paokha. Agogo okhala okha, aulumali, odwala matenda amgonagona, amayi oyembekezera ndi ana amene akulera anzawo alembedwe maina, ndipo pambali pa dzina lililonse pakhale dzina la munthu wamphamvu amene adzathamangire kunyumbako chenjezo likangomveka. Usiku wa namondwe aliyense amayamba waganiza za ana ake. Ngati sizinakonzedwe kale, gogo wa kumapeto kwa mudzi amakumbukiridwa kutacha.

Chenjezo limachokera ku nthambi yoona za nyengo, ndipo limaulutsidwa pa wailesi ndi m'mafoni. Freddy asanafike, nthambiyi inachenjezeratu. Vuto limakhala poti uthengawo ufike kwa mayi amene ali kumunda ndipo alibe wailesi kapena foni. Apa m'pofunika munthu wodzipereka wokhala ndi chimkuzamawu, wenzulo kapena ng'oma, ndipo mudzi wonse udziwiretu kuti kulira kwakutikwakuti kukutanthauza kusamuka. Kuyeserera kamodzi mvula isanayambe kumathandiza kwambiri, ngakhale ena amaseka poona akuluakulu akuthamanga kunja kulibe mtambo. Asekeni, koma tsiku la ngozi miyendo imakumbukira njira.

Pakhomo paliponse pakhale kathumba kapulasitiki kosungiramo ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala amene munthu amamwa tsiku ndi tsiku, monga ma ARV ndi a kuthamanga kwa magazi, pamodzi ndi tochi. Ndipo lamulo la pamtsinje ndi limodzi: madzi akadzaza, dikirani aphwe. Madzi othamanga ongofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu.

Madzi akaphwa ngozi siinathe. Zimbudzi zimakhala zitagwa, zitsime zitalowa zonyansa, ndipo kolera amapezerapo mpata. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Odzipereka agwire ntchito limodzi ndi alangizi a zaumoyo pogawa kolorini, kulimbikitsa kuwiritsa madzi akumwa ndi kukumbanso zimbudzi. Wotsekula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS uku akuthamangira naye kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Tinenepo mosabisa pa nkhani ziwiri. Yoyamba, iyi ndi ntchito yongodzipereka, ilibe malipiro. Munthu amene akulowa m'komiti poyembekezera alawansi ya kumaphunziro amasowa tsiku limene mtsinje wasefukira. Posankha, yang'anani anthu okhazikika m'mudzi, amayi ndi abambo, achinyamata ndi aulumali omwe, osangoti poti uyu ndi mbale wa amfumu. Yachiwiri ndi kalembera wa okhudzidwa. Lipoti lipite msanga, ndipo likhale loona: nyumba zingati zagwa, zingati zasasuka, anthu angati avulala, minda ingati yakokoloka. Kuwonjezera maina a anthu amene sanakhudzidwe kumachedwetsa thandizo chifukwa akuluakulu a kukhonsolo amayenera kubwera kudzatsimikiza, ndipo thumba la ufa lopita kolakwika lalandidwa kwa banja limene likugona panja.

Ngati simukudziwa amene ali m'komiti ya m'dera lanu, funsani a gulupu, wapampando wa VDC kapena khansala wa wodi yanu. Kumene komiti inazilala, pemphani amfumu aitanitse msonkhano wosankha ina mwezi wa Novembala usanafike, ndipo maina ndi manambala a foni a osankhidwawo atumizidwe ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku khonsolo ya boma la Blantyre.