Mano Oikirira ndi Cuku ca M'kamwa

Nkhani ya lero ipita makamaka kwa akulu-akulu a m'makomboni a migodi ya ku Midlands: ku Shurugwi kwa chrome, ku Zvishavane kwa asbestos ndi ku Kwekwe kwa golide, malo amene makolo athu ocokera ku Nyasaland anawadziwa ndi maina a Selukwe, Shabani ndi Que Que. Amene anafika kumeneko ali anyamata, ngakhalenso ana ao, lero ndi nkhalamba, ndipo ena a iwo amadya nsima ndi mano oikirira.

Mano otere, kuyambira caka ca 1937, amapangidwa ndi pulasitiki yochedwa acrylic. Mbali yace yoonekera ndi yosalala, koma mbali imene ikhudza nkhama iri ndi timaenje tosaoneka ndi maso. M'kamwa mwa anthu ambiri, ngakhale a moyo wabwino, mumakhala kacirombo kofanana ndi yisiti, dzina lace Candida albicans, ndipo sikabvuta pamene malobvu akutsuka m'kamwa. Koma pansi pa mano oikirira pali potentha, pacinyezi, posafika malobvu. Inu alimi mudziwa cimene cimacitika mukaika cimanga m'nkhokwe cisanaume: cimagwira cuku. Momwemonso kacirombo aka kamaswana m'timaenje tija, ndipo m'mwamba mwa kamwa mumafiira, nthawi zina m'mbali mwa milomo mumang'ambika. Coipa cace ndi cakuti kawiri-kawiri sipamveka kupweteka, motero munthu akhala nalo bvutoli miyezi osadziwa. Odwala shuga, amene ali ndi HIV, ndi osuta fodya ndiwo agwidwa msanga.

Mankhwala alipo. Nystatin, amene anapezedwa ku New York mu 1950 ndi amai awiri, Elizabeth Hazen ndi Rachel Brown, amapha cuku ici m'kamwa. Koma cotsala pa mano aja cimabwerera mankhwala akatha, ndico cifukwa cace akatswiri anayamba kufuna zotsukira zotsika mtengo, zocokera ku zomera.

Ku Brazil mu 2003 madokotala anapaka odwala mankhwala ocokera ku makangaza, nawayerekeza ndi mankhwala a m'sitolo ochedwa miconazole, ndipo anapeza kuti makangaza athandiza ndithu. Komweko, pa yunivesite ya São Paulo, anayesa kubviika mano oikirira m'madzi okonzedwa ndi mafuta a nsatsi, inde nsatsi zomwezi zimera pa dzala kwathu. Ku South Africa mu 2009 madzi a ndimu ndi tiyi wa udzu wonunkhira ngati ndimu zinathandiza odwala HIV a zilonda zoyera m'kamwa.

Tsono apa mverani bwino. Anthu amene anayesedwa m'zofufuza izi anali ochepa, ndipo mankhwalawo anakonzedwa ndi muyeso m'nyumba za akatswiri. Musasinje nsatsi kuti muike m'kamwa, pakuti njere zace ziri ndi ululu wakupha munthu. Ndimu nayenso, akacurukitsa, amadya mano enieni amene akutsalirani. Ine ndiona kuti zomera izi ziri ndi tsogolo, koma lero sizinafike polowa m'malo mwa dokotala.

Cimene cithandiza koposa zonse sicifuna ndalama: bvulani mano pogona. Ambiri amacita manyazi kuti mkazi kapena adzukulu angawaone ali cibwano cophwa, koma kugona nao ndiko kudyetsa cuku usiku wonse. Atsukeni tsiku liri lonse ndi mswaci wofewa ndi sopo, makamaka mbali ya m'kati. Mankhwala otsukira mano enieni amakanda pulasitiki ndi kuonjeza timaenje. Musawaike m'madzi otentha, angapindike. Potsuka ikani madzi m'beseni pansi pace, kuti akapulumuka m'manja asasweke. Tsukaninso nkhama ndi lilime.

Kufiira kukapitirira masabata awiri, kapena pakaoneka cilonda cosapola, pitani ku cipatala, ndipo mano anuwo mupite nao kuti dokotala aone ngati akhalabe bwino pa nkhama, pakuti nkhama zimaphwa ndi zaka, ndipo mano ogwedera amakhula ndi kutsegulira cuku njira.