MBIRI YANU PA PEPALA LIMODZI

 M'phunziro lathu la lero tikamba za pepala lina limene akulu anu a ku sekondale amavutika nalo pamene afuna nchito ya kanthawi pa chuthi, kapena pamene ali kuyembekezera zotuluka za mayeso ao. Dzina la pepalali ndi CV. Malemba awiriwa aimira mau a Cilatini akuti curriculum vitae, ndipo tanthauzo lake ndi ulendo wa moyo wa munthu. Kunena mwacidule, CV ndi mbiri yanu yolembedwa pa pepala limodzi.

Kapena wina mwa inu afunsa kuti, "Nanga ife a ku pulaimale nkhaniyi itikhudza bwanji?" Ikukhudzani ndithu. Akulu anati m'mera mpoyamba. Pepalali munthu amalilemba tsiku limodzi, koma zolembedwamo amazisonkhanitsa kwa zaka zambiri, ndipo zakazo zimayambira m'kalasi muli inumo.

Nchito zimene zimapezeka kwathu kuno

Nyengo yokolola ikatha, bungwe la Food Reserve Agency limatsegula misika yogulira cimanga m'midzi, ndipo limafuna makalaki oyesa matumba pa sikelo ndi kulemba m'mabuku. Ogula thonje, soya, nshawa ndi mpendadzuwa naonso amafuna anthu odziwa masamu. M'mbali mwa mseu wa Great East Road, pa Katete ndi pa Sinda, muli masitolo ndi tinyumba totumiziramo ndalama pa foni. Kumapeto kwa mwezi wa August, pamene Acewa a m'Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, amalonda amafuna owathandiza. Nthawi zina Boma nalo limalemba acinyamata, monga linacitira pa kalembera wa anthu wa caka ca 2022.

Nchito zotere ndi zocepa, koma ozifuna ndi ambiri. Tiyerekeze kuti mwini sitolo wa pa Sinda afuna munthu mmodzi, ndipo walandira mapepala 30. Iye sangaonane ndi anthu onsewo. Adzawerenga mapepalawo, nadzaitana atatu kapena anai okha. Cotero pepala lanu limakulankhulirani inu kulibe.

Zigawo zisanu za pepalali

Coyamba, lembani dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, mudzi wanu, mfumu yanu ndi boma lanu, pamodzi ndi nambala ya foni imene imayankhidwa. Munthu akafika zaka 16 amatenga citupa ca NRC, ndipo nambala yake imalembedwanso pamenepa. Dzina la pa citupa liyenera kufanana ndi la pa setifiketi ya mayeso. Aphunzitsi, samalani kwambiri polembetsa maina a ana ku Examinations Council of Zambia, pakuti lemba limodzi lolakwika lero lidzavutitsa mwanayo atakula.

Caciwiri, lembani masukulu amene munaphunzirako ndi zaka zake, kuyambira sukulu yomaliza kubwerera m'mbuyo.

Cacitatu, lembani zimene munacitapo. Cigawo cimeneci tibwererako, cifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Cacinai, lembani zinenero ndi luso limene muli nalo. Mwana wa ku Sinda amene alankhula Cicewa, Cinsenga ndi Cingerezi ali ndi zinenero zitatu. Wa kufupi ndi malire a Chanida, kapena wa ku Vubwi, amene amva Cipwitikizi pang'ono, alembe zimenezo. Kukonza njinga, kusoka, ndi kulemba pa kompyuta, zonsezi ndi luso.

Cacisanu, lembani maina a mboni ziwiri zimene zingakucitireni umboni, monga aphunzitsi aakulu, abusa kapena anyakwawa. Mboni isakhale m'bale wanu, ndipo muyambe mwapempha cilolezo musanalembe dzina la munthu.

"Koma ine sindinagwirepo nchito"

Awa ndi mau amene ana a sukulu ambiri amadandaula nao. Amaganiza kuti nchito ndi yokhayo ya malipiro. Kumeneko ndi kulakwa. Wolemba anthu nchito afuna kudziwa zinthu zitatu: kodi munthu uyu amasunga nthawi, kodi amasunga za eni, ndipo kodi amatsiriza cimene wayamba? Mayankho a mafunso amenewa ali m'zinthu zimene mumacita masiku onse.

Kuyambira caka ca 1975, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iri yonse ikhale ndi nchito ya manja yopindulitsa, masukulu ambiri akhala ndi minda, madimba ndi makola a nkhuku. Mwana amene amasunga buku la dimba la sukulu ali kuphunzira nchito ya kalaki. Woimba belu ali kuphunzira kusunga nthawi. Monita wa kalasi, mtsogoleri wa kwaya, kaputeni wa mpira, ndi membala wa kalabu ya JETS, onsewa ali ndi colemba.

Tamverani tsopano mapepala awiri a atsikana ongoyerekezera, onse ofuna nchito ya m'sitolo. Woyamba walemba kuti: "Ndine wolimbikira ndi wokhulupirika, ndipo ndingagwire nchito iri yonse." Waciwiri walemba kuti: "Kwa zaka ziwiri ndinali wosunga buku la dimba la sukulu. Ndinali kulemba mitolo ya repu ndi milu ya matimati imene tagulitsa, ndi kupereka ndalama kwa aphunzitsi Lacisanu liri lonse." Inu mukanakhala mwini sitolo, mukanaitana uti? Woyamba wadzitamanda yekha, ndipo mau akewo ali yense angalembe. Waciwiri sanachule kukhulupirika, koma wakuonetsa, ndipo pali mphunzitsi amene angafunsidwe. Lamulo lake ndi ili: nenani cimene munacita, kumene munacicitira, nthawi yake, ndi kuculuka kwake.

Zoyenera kupewa

Musalembe bodza. Mukanena kuti mudziwa kompyuta pamene simudziwa, tsiku loyamba lomwelo mudzacita manyazi, ndipo kwathu kuno, kumene anthu adziwana, mbiri yoipa imafika pa msika inu musanafike. Pepala likhale limodzi, laukhondo, losafufutidwa. Kawirikawiri limalembedwa m'Cingerezi, cotero pemphani mphunzitsi aliwerenge musanalipereke. Perekani mafotokope okha. Masetifiketi enieni akhale kunyumba m'pulasitiki, kutali ndi ciswe ndi mvula. Munthu ali yense wokuuzani kuti mulipire ndalama kuti mupeze nchito ndi mbala. Ndipo inu atsikana, wina akakulonjezani nchito ya m'nyumba ku Chipata kapena ku Lusaka, musavomere makolo ndi aphunzitsi asanadziwe.

Sukulu patsogolo, nchito pambuyo

Tsopano mverani bwino, inu ang'ono. Phunziro ili silikukutumani kukafuna ganyu. Lamulo la za nchito la caka ca 2019 limaletsa kulemba nchito mwana wosafika zaka 15. Wa zaka za pakati pa 13 ndi 15 amaloledwa nchito yopepuka yokha, imene siiononga thanzi lake ndiponso siimujombetsa ku sukulu. Nchito zoopsa ndi zoletsedwa kwa ali yense wosafika zaka 18.

M'midzi ina ya ku Katete anyamata amaperekedwa kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo, kuti pamapeto alandire ng'ombe imodzi. Ng'ombe ndi cuma, palibe wotsutsa. Koma mnyamatayo akadzafuna kulemba mbiri yake, cigawo ca maphunziro cidzakhala cosalembedwa kanthu, ndipo nchito ya ukalaki pa msika wa cimanga idzapita kwa mnzake amene anakhala m'kalasi. Kuyambira caka ca 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu m'masukulu ake, kucokera ku pulaimale kufikira ku sekondale. Ndalama za pa chuthi ndi zogulira makope, sopo ndi nsapato, kuti munthu abwerere ku sukulu. Nchito imene imakucotsani m'kalasi imakulandani zambiri kuposa zimene imakupatsani.

Zocita pambuyo pa phunziro

Aphunzitsi, thandizani mwana ali yense kupatula masamba anai kumapeto kwa kope lake, ndi kulemba pamwamba pake kuti "Mbiri Yanga". Pa Lacisanu lomaliza la temu iri yonse, ana alembemo udindo umene anapatsidwa, luso limene aphunzira, ndi tsiku lake, ndipo inu musaine pansi pake. Gawirani maudindo mosinthana, kuti wamanyazi wokhala kumbuyo nayenso akhale ndi colemba.

Ana inu, yankhani mafunso awa m'makope anu:

1. Kodi mau akuti CV atanthauza ciani?
2. Chulani zigawo zisanu za pepalali.
3. Cifukwa ninji mwini sitolo angaitane mtsikana waciwiri uja?
4. Lembani zinthu zitatu zimene mumacita kunyumba kapena ku sukulu zoonetsa kuti mumasunga za eni.

Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Mukayamba temu ino, pofika tsiku lofunsira nchito simudzakanda m'mutu kufuna colemba.