Lole ya m'mwamba tikuifuna, koma tifunse kaye za batire

Anthu a pa Songani ndege sitidabwa nayo. Bwalo la asilikali la ku Zomba, kumene tonse timangoti ku Airwing, silili patali, ndipo kwa zaka zoposa 30 mkokomo wa ndege ya Dornier 228 tidauzolowera. Koma chichitikire ngozi ya pa 10 June 2024 ku Chikangawa, yomwe idapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8, dzina la ndegeyi lasanduka mwano. Mu minibasi ya ku Liwonde mumva wina akuti, "Boma lisadzagulenso tindege ta mapulopela, n'zachikalekale." Ine ndikukana, ndipo mundilole ndifotokoze.

Tiyambe ndi ndegeyo. Dornier 228 idapangidwa ku Oberpfaffenhofen m'dziko la Germany ndipo idauluka koyamba m'chaka cha 1981. Amisiri ake ankafuna lole ya m'mwamba. Thupi lake adalipanga la ngodya zinayi ngati bokosi kuti makatoni azilowa bwino. Imanyamula anthu 19, koma mukachotsa mipando imatenga katundu wa matani pafupifupi awiri. Mapiko adawaika pamwamba pa thupilo kuti mapulopela atalikirane ndi miyala pa bwalo lafumbi. Injini zake ziwiri zimamwa mafuta ofanana ndi palafini, ngati za jeti, koma mphamvu yake imapita kozunguza pulopela. Pulopela ndiye amakoka mwamphamvu ndege isanathamange kwambiri, n'chifukwa chake imanyamuka pa bwalo losakwana kilomita imodzi.

Nanga dziko lathuli likufuna chiyani ngati si chimenecho? Jeti yaikulu imatera ku Chileka ndi ku Lumbadzi basi. Ku Likoma wodwala wakayakaya sangadikire Ilala yobwera kamodzi pa mlungu. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu ndi maola asanu pa msewu, pandege ndi mphindi 45. Mu March 2023 namondwe Freddy atadula milatho kuno kummwera tidayang'ana kumwamba, ndipo thandizo lambiri la ndege lidachokera kwa anansi athu. Kampani ya Air Malawi, isanathe mu 2013, idayendetsapo Dornier 228, Cessna Caravan ndi Let 410 ya ku Czech m'maulendo a m'dziko mommuno. Si zachilendo ayi.

Anzanga a geni ya matemba musanyengedwe. Dengu lochoka pa doko la Kachulu silidzakwera ndege kupita ku Limbe, mtengo wake ungathetse mpamba tsiku limodzi. Ndegeyi ndi ya mankhwala, ya wodwala, ya mlendo wopita kunyanja, ya nthawi ya madzi osefukira.

Tsono pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Kuti ndege zoterezi zikhale zopepuka ndi zotsika mtengo, sazipopera mpweya m'kati monga amachitira ndi jeti. Chotero siziuluka patali kwambiri m'mwamba, kawirikawiri zimayenda cha m'munsi mwa mamita 3,000. Kumeneko ndiye kwawo kwa mitambo, chifunga ndi mapiri ngati a Viphya. Ndege yotere moyo wake uli m'manja mwa anthu a pansi: wopima nyengo, wa pa wailesi pa bwalo, makaniko ndi uja amasainira ndalama zogulira zipangizo.

Onani zomwe adapeza akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany omwe adafufuza ngozi ya ku Chikangawa. Ndegeyo, yomwe asilikali athu adailandira mu 1988, inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ngakhale osunga mbiri ya ulendo. Kachipangizo kofuula pa wailesi ndege ikagwa kanali ndi batire lomwe nthawi yake idatha mu 2004. Zaka 20, abale! Ndegeyo idapezeka mawa lake, pa 11 June, asilikali atachezera m'nkhalango. Ripoti lomaliza la mu 2025 lidaloza pa kupitiriza ulendo chapansipansi nyengo isali bwino. Komiti ya Justice Jabbar Alide nayo mu December 2024 idati sidapeze umboni wa chiwembu. Ndikudziwa kuti ambiri sadakhutire, ndipo ufulu wofunsa ndi wawo. Koma nkhani ya batire palibe waitsutsa, ndipo batire si mlandu wa amisiri a ku Oberpfaffenhofen.

Anzathu a ku India adatenga ndege yomweyi mwanjira ina. Mu 1983 adasainirana pangano ndi a Dornier kuti kampani yaboma ya Hindustan Aeronautics iziipanga yokha ku Kanpur. A Germany atasiya kuipanga mu 1998, ku Kanpur ntchito idapitirira, mpaka adapanga zoposa 100. Mu April 2022 ndege yopangidwa konko idayamba kunyamula anthu wamba pakati pa Dibrugarh ndi Pasighat, kudera la mapiri ndi mvula yambiri. Indonesia nayo idaulutsa yakeyake, N219, mu 2017, ndipo a Cessna ku America adaulutsa SkyCourier ya anthu 19 mu 2020. Kodi onsewa ndi opusa kuti azivutika ndi mapulopela?

Sindikunena kuti titsegule fakitale ya ndege pa Domasi, ife amene feteleza yemwe timachita kuitanitsa. Koma pakati pa kupanga ndi kungogula pali mtunda wautali, ndipo ife tidaima poyambira penipeni. Ophunzira a uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST angathe kuphunzira kumasula injini ya Garrett ngati pangano logulira ndege litanena kuti wogulitsa awaphunzitse. Wa minibasi pa Songani amadziwa kuti ukagula galimoto umayamba wafunsa ngati zipangizo zake zimapezeka ku Limbe, poti safunsa adadya phula.

Tsiku lomwe nduna idzaimirire ku Nyumba ya Malamulo kupempha ndalama za ndege yatsopano, phungu wathu asadzangowomba m'manja. Adzafunse kuti zipangizo za zaka khumi zikubwerazi zili pa mzere uti wa bajeti, amakaniko angati akukaphunzira, makina a nyengo pa bwalo la Mzuzu aikidwa liti, ndiponso dzina la ofesala yemwe azidzasainira tsiku losintha batire.